Kaundula wa Ovulala M'chipatala: Pepala, Excel, ODK, REDCap, DHIS2 Kapena Pulogalamu Yogula?

Munthu wovulala akafika pachipatala, nkhani yake imamwazikana m'mabuku angapo. Kalaliki wa pakhomo amalemba dzina ndi nthawi, dokotala woyamba kumuona amalemba pa fomu yake, ku fiyeta ali ndi buku lawo, mu wodi muli faelo, ndipo zikavuta dzinalo limakathera m'buku la ku mochale. Kaundula wa ovulala amalumikiza zidutswa zimenezi kuti pakhale mbiri imodzi yonena momwe munthuyo anavulalira, momwe analili pofika, chimene anachitidwa ndi nthawi yake, komanso ngati anatuluka wamoyo. Chipatala cha Cook County ku Chicago chinayamba kusunga kaundula wotere pa kompyuta mu 1969, ndipo lero kuli akaundula a dziko lonse monga National Trauma Data Bank ku America ndi TraumaRegister DGU ku Germany, amene anayamba mu 1993. WHO imati kuvulala kumapha anthu pafupifupi 4.4 miliyoni pachaka. Chipatala chosadziwa kuti ovulala ake akufera pati, pakhomo, podikira fiyeta kapena mu wodi, sichingadziwe pokonza.

Kaundula kawirikawiri amafera pa zinthu ziwiri: munthu wotsata wodwala mpaka tsiku lotuluka wasowa malipiro, kapena deta yaunjikana popanda woiwerenga. Choncho chida chilichonse m'munsimu tikuchiyeza pofunsa ngati chidzagwirabe ntchito ndalama zoyambira zikadzatha.

Zoyang'ana musanasankhe

Choyamba, mbiri ya wodwala iyenera kutsegulidwanso. Imayamba pakhomo koma imatsekedwa patapita masiku kapena milungu, wodwala atatuluka, atatumizidwa kwina kapena atamwalira. Pakati pake pamalowa maopaleshoni, magazi amene anaikidwa, masiku a mu ICU. Chida chimene chimalandira fomu kamodzi n'kutseka chidzakupatsani chiwerengero cha ofika popanda mathero awo, ndipo kaundula wopanda mathero sangakuuzeni ngati chithandizo chikuyenda bwino.

Chachiwiri ndi muyezo wa kukula kwa kuvulala, ndipo muyenera kuusankha musanasankhe pulogalamu. Muyezo wa ISS, umene Susan Baker ndi anzake anafalitsa mu 1974, umadalira AIS: bala lililonse limapatsidwa nambala kuyambira 1 mpaka 6, thupi limagawidwa zigawo 6, ndipo mumatenga nambala yaikulu m'zigawo zitatu zovulala kwambiri, kuichulukitsa ndi iyo yomwe, n'kuphatikiza. Mutu 4, chifuwa 3, mwendo 2 zimapereka 16, 9 ndi 4, pamodzi 29. Kupitirira 15 ndiye kuvulala kwakukulu, ndipo bala la 6 limapereka 75 nthawi yomweyo. Vuto lake n'loti AIS imafuna kudziwa zam'kati mwa thupi, kuchokera ku makina ojambula m'kati mwa thupi a CT, ku opaleshoni kapena kupima mtembo. Kumene zimenezi zimasowa, ISS imatuluka yaing'ono kuposa zenizeni, ndiye imfa zanu zimaoneka ngati za anthu ovulala pang'ono. Imafunanso munthu wophunzitsidwa, ndipo buku la AIS lili ndi eni ake, bungwe la AAAM. Muyezo wa Kampala Trauma Score, wa Kobusingye ndi Lett wa mu 2000, umangofuna zinthu zisanu zopezeka pakhomo: zaka, BP ya pamwamba, kapumidwe pa mphindi, kutsitsimuka kwa wodwala pa muyezo wa AVPU, ndi kuchuluka kwa mabala aakulu. Chipatala chopanda wolemba AIS chisagule pulogalamu chifukwa choti imawerengetsa ISS yokha, poti sichidzakhala ndi manambala oipatsa.

Chachitatu ndi anthu. Malamulo a American College of Surgeons a mu 2014 ankafuna wantchito mmodzi wa kaundula yekhayekha pa odwala ogonekedwa 500 mpaka 750 pachaka, komanso kuti mbiri 80 mwa 100 zikhale zitalowa pasanathe masiku 60 wodwala atatuluka. Fomu yawo ndi yaitali, koma nambalayi ikusonyeza kukula kwa ntchito. Kumuuza namwino wa usiku kuti azilemba akapeza mpata ndi kuvomereza kuti ovulala kwambiri, amene amamutangwanitsa, ndi omwe adzasowe m'kaundula.

Chachinayi, chida chizikana zolakwika pa nthawi yolemba. GCS, muyezo wina wa kutsitsimuka kwa wodwala, imayambira pa 3 kulekeza pa 15, ndiye 0 kapena 18 zisalowe. Nthawi yotuluka isakhale m'mbuyo mwa nthawi yofika. Chofunika koposa, pakhale kusiyana pakati pa ziro, "sizinayezedwe" ndi "sizikumukhudza". BP ya 0 ndi munthu amene mtima wake waima. Wolemba akaika 0 chifukwa makina oyezera anali ku chipinda china, wodwala wothyoka dzanja amasanduka wotsala pang'ono kufa amene mwamupulumutsa, ndipo lipoti lanu limakoma mwabodza.

Chachisanu ndi chinsinsi komanso umwini. Kaundulayu amasunga mayina a omenyedwa m'banja, ogwiriridwa, owomberedwa ndi ofuna kudzipha. Funsani kuti ndani angaone dzina, ngati chida chimalemba amene wasintha kanthu ndi nthawi yake, kumene seva ili, ndiponso ngati mungatulutse deta yanu yonse mu CSV, faelo wamba yotsegulika ndi mapulogalamu ambiri, tsiku lililonse popanda kupempha munthu.

Musanamalize kukambirana, tengani mafaelo akale 20 muwalowetse m'zida ziwiri zimene zatsala pa mpikisano. Pakhale wosadziwika dzina amene anadzazindikirika pa tsiku lachitatu, wofika atamwalira kale, wopita ku fiyeta kawiri, ndi wofika 23:50 n'kuonedwa 00:20. Chida chofooka chimaonekera pa anayi amenewa.

1. Fomu ya pepala

Mtengo: Kuyamba n'kotsika: kusindikiza, mafaelo, kabati yokhoma. Mtengo wobisika umabwera pamene mukufuna lipoti, chifukwa wina ayenera kuwerenga pamanja kapena kulowetsa zonse mu kompyuta.

Kupezeka: Ilipo paliponse, magetsi akhalepo kapena ayi. WHO ili ndi fomu ya ovulala yokonzedwa kale, yomwe dokotala amalembapo ngati faelo ya wodwala ndipo kaundula amatengapo zomwe akufuna. Nzeru imeneyi ndi yofunika kuitsatira ngakhale mutapanga fomu yanu: dokotala asalembe zinthu zomwezo kawiri, chifukwa kachiwiriko sadzalemba.

Kusamalira: Sindikizani manambala pa mafomu pasadakhale kuti yosowa izioneka. M'mawa uliwonse wina afananize mafomu ndi buku la pakhomo, kenako azungulire mawodi, fiyeta ndi mochale kutseka mbiri zotseguka. Mukasintha fomu, lembani deti pansi pake ndipo chotsani zakale zonse m'madirowa tsiku lomwelo.

Zoopsa: Zolemba zosawerengeka, mabokosi osiyidwa, tsamba lachiwiri lothothoka, fomu yopita ndi wodwala ku chipatala china. Pepala silikana GCS ya 18. Komabe chipatala chilichonse, ngakhale cha makompyuta ambiri, chizisunga mafomu a pepala a tsiku limene makina adzaime.

2. Excel kapena Access

Mtengo: Pafupifupi palibe chowonjezera ngati kompyuta ilipo kale.

Kupezeka: Aliyense wa mu ofesi amaidziwa, ndipo n'chifukwa chake akaundula ambiri amayambira pano.

Kusamalira: Faelo ikhale imodzi, wolemba mmodzi, mabokosi okhala ndi mndandanda wosankhapo, ndi kope losungidwa kwina sabata iliyonse.

Zoopsa: Apa tichedwepo, chifukwa Excel imawononga mwakachetechete. Mukalemba GCS ngati 3/15 kapena 12/15, Excel imaganiza kuti ndi deti n'kuisintha, pamene 14/15 imaisiya momwemo. Mapeto ake odwala okomoka kwambiri ndi amene GCS yawo yasanduka mwezi. Nambala ya wodwala 004512 imataya maziro akutsogolo n'kusiya kugwirizana ndi faelo. Wina akasanja kolamu imodzi osasankha zinazo, mayina amasiyana ndi mabala awo ndipo akasunga faeloyo palibe njira yobwezera. Wodwala wa mabala asanu ndi maopaleshoni atatu sakwana mu mzere umodzi, ndiye makolamu amangowonjezeka: bala 1, bala 2, bala 3. Faelo imakopedwa pa fulashi, mawa pali mafaelo atatu osiyana, onse ali ndi mayina a odwala. Ngakhale mabungwe aakulu anapsa nazo: mu 2020 Public Health England inasiya kunja anthu 15,841 opezeka ndi COVID-19 chifukwa mtundu wakale wa faelo, XLS, umalekeza pa mizere 65,536. Access ili bwinoko poti imasiyanitsa tebulo la odwala ndi la mabala, koma imadalira munthu mmodzi amene anaimanga, ndipo akachoka ntchito palibe wolimba mtima kuikhudza.

3. ODK kapena KoboToolbox pa tabuleti

Mtengo: Mapulogalamu amenewa, odzazira mafomu pa tabuleti kapena foni, ndi aulere. Mumalipira matabuleti a Android, zotchingira, machaja, intaneti, ndi seva ngati mukuyendetsa yanu. KoboToolbox imapereka seva yaulere kwa mabungwe osachita malonda, yokhala ndi malire a mafomu pamwezi.

Kupezeka: Imagwira popanda netiweki n'kutumiza ikapezeka. Fomu imalembedwa mu XLSForm, njira yosanjira mafunso mu faelo ya Excel, imene munthu wodziwa Excel amaiphunzira msanga. Lamulo la GCS ndi kamzere kamodzi mu kolamu ya constraint, kouza fomu kuti ikane chilichonse chochepera 3 kapena choposa 15.

Kusamalira: Kuchaja, kuona kuti wotchi ya tabuleti ili yolondola, kutumiza mafomu shifiti isanathe, ndi kukhoma matabuleti kuti asalowe mapulogalamu ena.

Zoopsa: Zida zimenezi zinapangidwira kafukufuku wofunsa munthu kamodzi. Ambiri amapanga mafomu awiri, yofikira ndi yotulukira, n'kuwalumikiza ndi nambala ya wodwala. Nambalayo ikalakwika ndi chilembo chimodzi, mumatsala ndi wofika amene sanatuluke komanso wotuluka amene sanafikepo. Njira yothetsera ndi barcode yomatidwa pa faelo ndi pa lamba wa pamkono, yomwe tabuleti imajambula m'malo molemba. ODK tsopano ili ndi Entities yothandiza kutsata munthu mmodzi m'mafomu angapo, koma imafuna woidziwa. Tabuleti ikabedwa isanatumize, deta yapita ndipo mayina ali m'manja mwa wakuba, pokhapokha mafomu atakhala obisidwa ndi kiyi. Seva yaulere imakhala kudziko lina, ndiye onani kaye malamulo a dziko lanu osunga deta ya odwala.

4. REDCap

Mtengo: REDCap, pulogalamu yosonkhanitsira deta ya kafukufuku, inapangidwa ku Vanderbilt University mu 2004, ndipo layisensi yake ndi yaulere kwa mabungwe osachita malonda amene asainira mgwirizano. Ndalama zimapita pa seva ndi katswiri woiyang'anira.

Kupezeka: Simangoikopa pa intaneti, bungwe lanu liyenera kukhala ndi layisensi kapena kugwira ntchito ndi lina lomwe lili nayo, kawirikawiri yunivesite. Imatsegulidwa pa browser, ndipo ili ndi app ya pa foni yogwira popanda netiweki.

Kusamalira: Seva ya PHP ndi MySQL kapena MariaDB imafuna kukonzedwa pafupipafupi kuti mipata ya akuba itsekedwe. Kope la deta lizitengedwa tsiku ndi tsiku, ndipo kamodzi pa kanthawi yesani kubwezeretsa kaundula kuchokera pa kopelo, chifukwa kope losayesedwa nthawi zina limapezeka lopanda kanthu tsiku lomwe mukulifuna.

Zoopsa: Pa ntchito ya kaundula payokha, REDCap imakwana bwino. Mbiri imatsegulidwanso nthawi iliyonse, fomu ya bala kapena ya opaleshoni imabwerezedwa kangapo kwa wodwala mmodzi, kusintha kulikonse kumalembedwa ndi dzina la wosintha, mabokosi a mayina amachotsedwa potulutsa deta, ndipo zipatala zingapo zitha kulemba m'kaundula mmodzi popanda kuonerana odwala. Choopsa chili pa umwini. Seva ikakhala ya yunivesite yothandizana nayo, mgwirizano ukatha chipatala chitha kutsala chopanda pasiwedi ya kaundula wake womwe. Lembani pa pepala kuti deta ndi ya ndani tsiku loyamba. App ya pa foni imavutanso anthu awiri akasintha mbiri imodzi pa matabuleti awiri asanatumize. Malipoti ake ndi wamba. Zowerengetsa zozama zimafuna R, Stata kapena SPSS ndi munthu wozidziwa.

5. DHIS2 Tracker ndi kaundula wa WHO

Mtengo: DHIS2, pulogalamu yosonkhanitsira deta ya zaumoyo yopangidwa motsogozedwa ndi University of Oslo, ndi yaulere ndipo aliyense atha kuona ndi kusintha kapangidwe kake. Kaundula wa WHO wa ovulala ndi odwala mwadzidzidzi anamangidwa pa DHIS2 yomweyo ndipo salipiritsa. Mukamanga wanu, ndalama zimalowa pa katswiri wokonza.

Kupezeka: Maunduna a zaumoyo m'mayiko oposa 70 amaigwiritsa kale ntchito, ndiye seva ndi akatswiri mwina alipo kale. Ilinso ndi app ya Android yogwira popanda netiweki.

Kusamalira: Kukonza Tracker, gawo la DHIS2 lotsata wodwala mmodzimmodzi, n'kovuta kuposa kupanga fomu ya REDCap. Mumagawa ulendo wa wodwala m'magawo, kufika, fiyeta, wodi, kutuluka, n'kulemba malamulo a gawo lililonse. Seva ikakhala ya unduna, kusintha funso limodzi kumadikira chilolezo.

Zoopsa: Phindu lake lalikulu ndi loti zipatala zonse zimafunsa mafunso ofanana ndipo matchati amatuluka okha. Koma deta imene imakwera kumtunda osabwerera kwa olemba imafowoka msanga. Dokotala wa opaleshoni wopanda akaunti yoonera odwala ake amaona kaundula ngati ntchito ya unduna. Onetsetsaninso kuti woona ziwerengero za dziko lonse saona mayina. Kuika zonse pa seva imodzi kulinso ndi ngozi yake: mu 2023 akuba a pa intaneti analowa m'makompyuta a University of Manchester, kumene kunkasungidwa kaundula wa ovulala wotchedwa TARN, ntchito inaima, ndipo England inayambitsa National Major Trauma Registry m'malo mwake mu 2024. Chipatala chilichonse chizisunga kope la deta yake.

6. Pulogalamu yogula, kapena kaundula wa m'kati mwa EMR (pulogalamu yosungira mafaelo a odwala pa kompyuta)

Mtengo: Wokwera kuposa njira zonse. Layisensi imalipiridwa chaka ndi chaka, ndipo kuphunzitsa, kulumikiza ndi makina ena ndi kusamutsa deta yakale nthawi zambiri zimalipiridwa padera.

Kupezeka: Makampani monga ESO ndi ImageTrend amagulitsa kwambiri kumene malamulo amakakamiza zipatala kutumiza deta ku kaundula wa boma. Kwina thandizo lawo limakhala kutali komanso pa maola ena.

Kusamalira: Kampani imasamala pulogalamu ndi kusintha matanthauzo a mafunso chaka chilichonse. Inu mumasamala olemba ophunzitsidwa AIS ndi ICD (mndandanda wa manambala oimira matenda), komanso kulumikizana ndi EMR kudzera pa HL7 (njira imene mapulogalamu a zaumoyo amatumizirana deta), kumene kumaduka mbali imodzi ikasinthidwa.

Zoopsa: Mukasiya kulipira mumatuluka ndi chiyani, ndipo mu mtundu wanji wa faelo? Yankho likhale mu kontirakiti. Mabokosi ambiri okakamiza amayembekeza ambulansi yolemba nthawi ndi CT ya aliyense. Kumene kulibe, olemba amadzaza zongopeka kuti fomu itseke. Mwayi wopulumuka umene pulogalamu imawerengetsa ndi njira yotchedwa TRISS umachokera pa odwala a zipatala za ku North America, ndiye musaugwiritse ntchito poweruza madokotala a malo osiyana kwambiri. Za EMR, kaya ndi OpenMRS kaya ndi Epic, tichenjeze chinthu chimodzi: imatenga yokha zaka, BP ndi nthawi, koma singasandutse mawu a dokotala akuti "wavulala m'mutu" kukhala nambala ya AIS. Munthu wowerenga faelo amafunikabe.

Njira iti kwa ndani

Chipatala chaching'ono chopanda katswiri wa kompyuta, magetsi ake osadalirika, chiyambe ndi fomu ya pepala ya tsamba limodzi yokhala ndi mafunso osapitirira 30 ndi Kampala Trauma Score, ndipo kalaliki azilowetsa mafomuwo mu ODK kapena KoboToolbox wodwala atatuluka. Polowetsa kamodzi pamapeto, vuto la mafomu awiri osalumikizana limatheratu.

Excel igwiritsidwe ntchito poyesa mafunso kwa miyezi iwiri kapena itatu, kapena pojambula matchati kuchokera pa deta yotulutsidwa kwina yopanda mayina. Isakhale nyumba ya kaundula.

Chipatala chachikulu chophunzitsira, chokhala ndi akatswiri a kompyuta ndi madokotala ofuna kufufuza, chipeza zambiri pa REDCap, pepala likhale pakhomo ndipo wolemba azitsata odwala m'mawodi tsiku lililonse. Ngati seva ndi ya anzanu, chipatala chikhale ndi akaunti yaikulu komanso kope la mwezi uliwonse.

Unduna kapena gulu la zipatala zofuna kufananiza zotsatira lisankhe DHIS2 Tracker kapena kaundula wa WHO, makamaka ngati DHIS2 ikugwira kale. Lamulo lonena amene alowe m'kaundula, ofika atamwalira, otumizidwa kuchokera kwina, obwera kudzatsukitsa bala, likhale limodzi kwa onse, apo ayi chipatala chosalemba ofika atamwalira chidzaoneka chopambana. Chipatala chilichonse chilandire lipoti lake mwezi ndi mwezi kuti likambidwe pa msonkhano wounika imfa.

Pulogalamu yogula ikuyenera chipatala chimene lamulo limachikakamiza kutumiza deta yochuluka, chili ndi EMR yokhazikika, olemba AIS olembedwa ntchito, ndi bajeti ya chaka ndi chaka yosadalira wothandiza.

Amene kaundula wawo akuyendera ndalama za polojekiti yotsala pang'ono kutha asayambe kusamukira ku chida chatsopano. Adule mafunso mpaka atsale amene munthu mmodzi wolipidwa ndi chipatala angakwanitse, atulutse deta yonse mu CSV pamodzi ndi buku lomasulira bokosi lililonse, ndipo maakaunti a seva alembedwe m'dzina la chipatala miyezi ingapo ndalamazo zisanathe.